Nkhosa ya Tsiku Lomaliza

Tasunthani pang'ono, mayi, ndiwongole mwendowu. Zikomo. Ayi, si galimoto. Aliyense akaona chikhakha amathamangira kunena galimoto, mwina pofuna kundisungira ulemu, koma ine inandithyola ndi nkhosa. Nkhosa yeniyeni yaubweya, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa tauni yathu yonse. Poti mwana wanga angomulowetsa kumene kwa nesi ndipo anuwo sanaitanidwe, khalani bwino ndikufotokozereni. Kungoti mundilole ndiyambire pa Hoyt, chifukwa tsoka langa linalowera pakamwa pa Hoyt.

Ine ndine Dustin Pruitt, ndipo ondidziwa angakuuzeni kuti m'Texas muno mulibe munthu wosamala ngati ine. Ndimamanga lamba ngakhale posuntha galimoto kuti ndisese pakhomo. Pamene anzanga a ku sekondale ankathyolana mafupa pa mpira, ine ndinasankha ntchito yowanyamulira madzi, ndipo ndinamaliza sukulu chilichonse chili m'malo mwake.

Ndinkagwira ntchito pa shopu ya matayala, ine ndi Hoyt. Mu June abwana anabweretsa mapepala oti tisainenso inshuwalansi ya kuntchito, ija amadula pa malipiro. Yanga inali ya anthu awiri, ine ndi mwana wanga Tessa wa zaka zisanu, poti mkazi wanga Shelby ali ndi yakeyake ku shopu ya mankhwala komwe amagulitsa. Nditaona zomwe azidula chaka chimenecho, ndinayamba kuwerengera pa zala.

Hoyt anasuzumira paphewa panga akutafuna sangweji.

"Ukulipirabe zimenezi iwe?"

"Nanga nditani? Pali mwana."

"Mwana musiyire boma, m'bale wanga. Boma lili ndi inshuwalansi ya ana a anthu ngati ife, osauka koma osasaukitsa. Anga atatu onse ali pomwepo. Mano, maso, jakisoni, zonse. Usasaine. Upite ku ofesi Lolemba, pofika Lachisanu khadi lili m'thumba."

"Nanga ineyo?"

"Iwe unavulalapo liti? Munthu wovala magolovesi potsegula chitini cha nyemba?"

Mawu amenewo anandikomera. Si kawirikawiri munthu kuyamikiridwa chifukwa cha mantha ake. Ndinabweza pepala losasaina, ndipo mwezi utatha inshuwalansi yathu inafa. Chomwe Hoyt anaiwala kundiuza n'choti ana ake aja chibadwire sanakhalepo ndi inshuwalansi ina iliyonse, ndiye nkhani yawo inali yosiyana ndi yanga.

Ku ofesi ya boma ndinapeza Mayi Salinas, mayi wa magalasi olendewera pa kaunyolo, wolankhula mofatsa ngati akukuuza za maliro a munthu amene sunkamudziwa. Anawerenga mafomu anga, anati zonse zili bwino, mwana akuyenera kulandira. Ndinayamba kudzuka.

"Khadi liyamba kugwira ntchito pa 1 October."

Ndinakhalanso pansi.

"Mwati October, mayi? Lero ndi pa 3 July."

"Mwanayu anali ndi inshuwalansi mpaka sabata yatha. Lamulo likuti ayambe wakhala masiku 90 wopanda chilichonse, tione kuti alibedi."

"Alibedi, mayi. Ndikhoza kulumbira."

"Ndakukhulupirirani, bambo, koma munaisiya nokha. Kapena anakuchotsani ntchito?"

"Ayi, ndili pa ntchito."

"Pepani kwambiri. Akanakuchotsani, mwana sakanadikira."

Inu, munamvapo munthu akupepesedwa chifukwa choti ali pa ntchito? Ndinafunsa kuti nanga mwana akadwala kapena kuvulala m'masiku 90 amenewa zikhala bwanji. Anavula magalasi aja, nandiyang'ana ndi chifundo chenicheni.

"Muyesetse asavulale."

Ndinathamangira kwa abwana kuti ndisaine pepala lija. Anati khomo limenelo limatsegulidwa kamodzi pachaka, ndidzagogode June wamawa.

Tsono mumudziwe Tessa. Mwana ameneyu anayamba kukwera asanayambe kuyenda. Ali ndi chaka chimodzi tinamupeza pamwamba pa firiji akudya mchere. Kwa ine sanatengere chilichonse kupatula makutu. Zonse anatengera kuchikazi, kwa apongozi anga a Royce Tackett, bambo wa zaka 70, wa chipewa chachikulu ngati beseni, amene akamva mawu oti boma amalavula, ngakhale ali pakhomo pa tchalitchi. Amandikumbukira kuyambira nthawi ya mpira ija, moti mpaka lero dzina langa kwa iwo ndi Wamadzi. Pa ukwati wathu weniweniwo anati, "Wamadzi, undisamalire mwana." Ndipo pa chakudya cha Lamlungu lililonse amamenya tebulo n'kunena kuti m'banja la a Tackett simunalowepo khobidi la boma.

Shelby atamva za masiku 90 sanadandaule za Tessa mpang'ono pomwe.

"Ana sasweka, Dustin. Koma adadi asamve. Akamva kuti mdzukulu wawo ali pa mzere wa boma, nkhaniyi tizidyera Lamlungu lililonse mpaka tidzafe."

"Ndiye ndiwauze chiyani akaona ndikumuletsa kusewera?"

"Sadabwa. Amakudziwa."

Ndinapachika kalendala kuseri kwa chitseko cha kabati, ndipo nkhondo inayamba. Makona onse a matebulo ndinawakulunga ndi siponji. Njinga ya Tessa ndinaibisa kudenga n'kumuuza kuti yapita kokonzetsa. Chodumphira cha masipuling'i chomwe agogo ake anamugulira ndinachiphwasula, sipuling'i imodzi n'kundiphulitsa mlomo, koma sindinadandaule, poti mlomo unali wanga. Mphesa ndinkamudulira panayi. Ku Sande sukulu mwana wina atatsokomola ndinalowa pakati pa nyimbo, n'kumunyamula Tessa pakhwapa ngati chikwama, aphunzitsi akundiyang'ana kukamwa yasa.

Chomwe sindinaganize n'choti mwana ukamulanda njinga ndi chodumphira, amayang'ana kumwamba. Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinamva mawu kuchokera mu mtengo waukulu wa kuseri kwa nyumba.

"Adadi, ndikuona denga la a Henley."

Ndinakwera, abale, ine amene sindinakwerepo mtengo chibadwire. Ndinafika pa nthambi yachitatu maso ali chotsinzina, ndipo nditatsegula, Tessa anali pansi, watsikira mbali inayo, akundifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa. Ndinakhala mu mtengo umenewo maola awiri mpaka Shelby anaweruka n'kukabwereka makwerero kwa aneba athu a Henley omwewo. A Henley anabwera ndi makwerero ndi akazi awo ndi mlendo wawo wochokera ku Oklahoma, kuti nayenso aone.

Komabe July anatha mwana ali wathunthu. Ndinayamba kugona pang'ono. Ndiye pakati pa August, tikudya nyama yowotcha kwa apongozi, a Royce anapukuta pakamwa n'kutulutsa kapepala m'thumba la malaya.

"Ndamulembetsa Tessa. Chaka chino akwera nkhosa ku rodiyo ya chionetsero."

Mwambo umenewu mukuudziwa, mwina ena mwa inu munaperekapo ana anu. Pa rodiyo, mpikisano uja wokwera ziweto, akuluakulu asanayambe kugwetsedwa ndi ng'ombe, timayamba tatenga ana athu aang'ono omwe timawaletsa kuthamanga m'nyumba, n'kuwakhazika pamsana pa nkhosa yochita mantha, n'kuwauza kuti agwire ubweya, kenako n'kutsegula geti. Wokhalitsa pamsana amalandira chitsulo chonyezimira cha pa lamba. Enawo amalandira dothi m'kamwa ndi m'manja mwathu.

"Liti, bambo?"

"Loweruka, pa 30 September."

Ndinaika foloko pansi. Pa masiku onse a chaka, tsiku lomaliza lenilenilo.

"Bambo, Tessa sangakwere. Ubweya wa nkhosa umamutulutsa ziwengo."

A Royce anayang'ana Tessa, amene anali atadzikulunga m'bulangete lake akuseweretsa galu.

"Bulangete limenelo ndi la ubweya wa nkhosa zanga, Wamadzi. Akugonera kuyambira tsiku lomwe anachoka kuchipatala."

"Zimayamba mwadzidzidzi, bambo."

"Zayamba mwa iwe. Mayi ake anakwera ali ndi zaka zinayi. Ine ndinakwera ndisanamere mano onse. Kapena pali chifukwa china?"

Shelby anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinati palibe chifukwa china.

Lachiwiri lotsatira pikapu ya apongozi inaima pakhomo, ndipo anatsitsa nkhosa yoti Tessa aziphunzirirapo kuseri kwa nyumba. Tessa anaitcha Bisiketi. Inali nkhosa yopepuka, yothamanga, ndipo tsiku loyamba lomwelo inamudutsitsa Tessa pafupi ndi mpope wa madzi, pang'onong'ono mutu ukanagunda chitsulo. Ndinakhala pa sitepe n'kuganiza mozama ngati munthu wophunzira. Mwana sindingamuletse. Apongozi sindingawaletse. Koma nkhosa ndikhoza kukambirana nayo.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndinkamupatsa Bisiketi chimanga chodzaza chidebe. Madzulo ndinkamubweretsera madonasi otsala a makasitomala a ku shopu, aja ouma oti ngakhale Hoyt amawakana. Pomatha masabata anayi Bisiketi anali ngati sofa. Tessa akakwera, Bisiketi ankayenda mapazi atatu, n'kupuma, n'kuganizira za moyo, n'kugona pansi. Mwana ankadya apozi ali pamsana. Tsiku lina anagona tulo pomwepo.

A Royce ankabwera kudzaonera ali pa mpanda, koma maso awo anali pa mdzukulu yekha.

"Waona, Wamadzi? Masabata anayi, sanagwepo ngakhale kamodzi. Magazi a a Tackett amenewo."

Anakalengeza kometetsa, anakalengeza kogulitsa zakudya za ziweto, anakalengeza kwa abusa. Kenako tsiku lina anayang'anitsitsa Bisiketi, n'kumuzungulira kawiri, n'kumusisita msana, n'kunena kuti, "Udzu wa pano ndi wabwino." Ine ndinavomera kuti ndi wabwinodi. Mumtima ndinkaseka. Ndinkaona kale Tessa akutuluka pa geti ali pa sofa yake, anthu akuyasamula, ine ndikuwerenga maola mwamtendere.

Tsiku linafika. Kunatentha moti phula linkamata nsapato. M'mawa a Royce anabwera ndi pikapu, ndipo tinavutika anthu atatu kumukweza Bisiketi kumbuyo. Ndinamuveka Tessa chipewa cholimba, zotetezera mawondo, zotetezera zigongono ndi majuzi awiri, ndipo potuluka ndinatenga mtsamiro wa pa mpando, basi kungoti ndikhale nawo.

Pa tebulo lolembetsera panali mayi wina ndi fomu yoti kholo lisaine kuti mwana akathyoka, okonza mpikisano alibe mlandu. Ndinaiwerenga yonse, mbali zonse ziwiri, mzere wa kumbuyo kwanga ukudandaula. Ndinasaina mosakayika, chifukwa ndinkadalira Bisiketi. Nditacheuka, ndinaona apongozi akumukoka Bisiketi kulowera kumanzere.

"Bambo, geti la ana lili uku."

"Ndikudziwa. Uyu akupita ku chionetsero cha ziweto zonenepa. Nkhosa yotere singabisidwe."

"Nanga Tessa akwera chiyani?"

Analoza ndi chibwano. M'khola la pafupi ndi geti munali nkhosa khumi ndi ziwiri zowonda ngati agalu osaka, zikugunda zitsulo ndi mitu, imodzi ikuyesa kudumpha mpanda.

"Si aliyense amabwera ndi yake?"

A Royce anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Anaitana anzawo awiri, a Boyd ndi mkulu wina wa ndevu zoyera, kuti amve.

"Tamvani mkamwini wanga. Akuti mwana amabwera ndi nkhosa yake. Wamadzi, unakulira kuti iwe? Nkhosa amabweretsa ndi eni mpikisano, ndipo mwana amakwera yomwe yamugwera."

Ndinakulira pomwepano, abale, kungoti nthawi ya nkhosa ndinkakhala kumbuyo, kutali ndi fumbi. Inali 3 koloko masana. Kunatsala maola asanu ndi anayi kuti khadi likhale lamoyo. Apa ndi pomwe bambo weniweni akananena zoona. Ndinatsegula pakamwa.

"Bambo, pali nkhani ina."

Zipewa zitatu zinatembenukira kwa ine.

"Nkhani yanji?"

"Kwatentha lero."

Mwamva. Ndinasankha ulemu wanga kusiya mafupa a mwana wanga, ine wodula mphesa panayi. Ndinapita kwa Shelby kuti mwina iye andipulumutsa.

"Dustin, khala pansi. Ine nthawi yanga ndinangotaya dzino limodzi."

"Dzino limenelo anakulipirira ndani?"

"Linali logwedera kale. Ndipo mtsamirowo ubise, anthu akutiyang'ana."

Mwana woyamba anakhalitsa ngati kuphethira kwa diso. Wachiwiri anagwa geti lisanatsegulidwe. Wachitatu anauluka n'kutera chafufumimba, anadzuka akulira m'kamwa muli dothi, ndipo khamu linawomba m'manja, mayi ake akujambula. Kenako zimkuzamawu zinati, "Tsopano Tessa Pruitt, mdzukulu wa a Royce Tackett, amene akuti sanagwepo chiyambire. Tione ngati Mphezi, nkhosa yomwe yamugwera, akudziwa zimenezo."

Geti linatseguka. Mphezi anatuluka ngati waponyedwa ndi mfuti. Mwana wanga, wozolowera sofa, anapendekeka nthawi yomweyo n'kulendewera cham'mbali ngati thumba, manja ali mu ubweya, mutu uli pafupi ndi nthaka, ndipo nkhosa inalunjika pa mpanda wa zitsulo.

Mmene ndinadumphira mpanda sindikumbuka. Shelby akuti ndinaponda bondo la abusa. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo, ndikuthamanga, mtsamiro uli patsogolo, ndikukuwa kuti, "Gwera apa, Tessa, gwera apa." Mphezi ataona munthu wa mtsamiro anakhota mwamphamvu, ndipo kukhota kumeneko n'komwe kunamubwezera Tessa pamsana, mowongoka ngati msilikali. Kenako nkhosayo inaganiza kuti vuto lake lenileni ndi ine. Inandipeza pa bondo lamanzere. Ndinazungulira m'malere, phazi linalowa pansi pa chitsulo cha mpanda, thupi linapitirira ulendo, ndipo ndinamva kuti thyo, ngati munthu wathyola nzimbe.

Ndili chagada ndinaona Tessa akudutsa, akuzungulira bwalo kachiwiri, akukuwa kuti, "Adadi, onani." Wolengeza pa zimkuzamawu uja anaganiza kuti ndine wazisudzo wa mpikisano.

"M'manja kwa wanthabwala wathu watsopano ndi mtsamiro wake."

Anthu anaseka mpaka ena anagwetsa zakumwa.

Anyamata a ambulansi yomwe imadikira pambali anabwera ndi machira akuthamanga. Ululu unali woopsa, koma nditaona machira aja mutu unayera mbee.

"Musandikhudze."

"Bambo, phazi lanu layang'ana kumbuyo."

"Lisiyeni liyang'ane komwe likufuna. M'galimoto yanuyo sindikwera."

Mukudziwa nonse kuti ulendo wa mphindi khumi m'galimoto imeneyo ukhoza kudya malipiro a mwezi wathunthu. Ndinayamba kukwawa ndi zigongono kuthawa machira, iwo akunditsatira pang'onopang'ono ngati akufuna kugwira nkhuku. A Royce anafika akupuma mwabefu, ndipo wolengeza uja anatsika ndi maikolofoni yake kuti amve mawu a wanthabwala.

"Kwera, Wamadzi, usatichititse manyazi. Inshuwalansi ya kuntchito ilipira."

Ululu umachotsa ulemu, abale. Ndinakuwa, osadziwa kuti maikolofoni ili pakamwa panga.

"Ndilibe inshuwalansi. Tessa nayenso alibe mpaka tsiku la lero lithe, ndipo ikayamba ikhala ya boma."

Mawu anga anatuluka m'zimkuzamawu zinayi, n'kukagunda khoma la khola la nkhumba, n'kubwereranso. Ya boma, ya boma. Nkhope ya a Royce inafiira kuyambira pakhosi mpaka pansi pa chipewa.

Kenako mayi wina pamwamba pa mabenchi anaimirira.

"Usadandaule, Dustin. Anga awiri ali pomwepo."

"Wanganso," anatero wina.

"Masiku 90 aja ife tinawadutsa chaka chatha. Tinamutsekera m'nyumba ngati mkaidi."

Manja anayamba kukwera apa ndi apo, ena mwamanyazi, ena atayamba ayang'ana kumbali. Anthu omwewa amene pa chisankho amalumbira kuti boma lisawayandikire. Mpaka a Boyd, mnzawo wa apongozi, anakanda m'khosi n'kunena chapansipansi kuti adzukulu awo onse anayi ali pomwepo.

A Royce anayesabe.

"Za ena sindikudziwa. Koma m'banja la a Tackett simunalowepo..."

"Adadi," anatero Shelby, "chiuno chachitsulo chomwe mwaimirira nachocho analipira ndani?"

"Imeneyo ndi ina. Imeneyo ndi ya okalamba."

"Ya boma."

"Ndinaigwirira ntchito."

"Dustin amagwira chiyani, masewera?"

"Ndati ndi ina, Shelby."

Kuchipatala ndinapita pa pikapu ya apongozi, chogona kumbuyo. Kutsogolo kunakhala a Royce, Shelby ndi Tessa, chitsulo chonyezimira chili pamimba pake, chachikulu kuposa nkhope yake. Kumbuyo ndinali ndi Bisiketi, riboni ya buluu ili pakhosi, nkhosa yoyamba pa ziweto zonenepa za dera lonse. Oweruza atafunsa chinsinsi, apongozi anati ndi udzu wokha ndi nzeru za makolo. Bisiketi anandizindikira kuti ndine wa madonasi, ndiye ulendo wonse anandigonera pachifuwa akufufuza m'matumba.

Khadi la Tessa linayamba kugwira ntchito ine ndili m'tulo ta mankhwala, madokotala atandiika zitsulo m'mwendo. Mwanayo analibe ngakhale kachilonda kamodzi. Kalata ya kuchipatala inabwera, envelopu yonenepa ngati Bisiketi, ndipo ndaiika pamwamba pa firiji pomwe ndi Tessa yekha angafikepo.

Patatha masabata awiri abwana anandiimbira foni. Anati amandikonda ngati mwana wawo, koma munthu wa mwendo umodzi sanyamula matayala. Hoyt anabwera kudzandiona atanyamula sangweji imodzi, yake. Nditamufotokozera za masiku 90, anapukusa mutu.

"Ukanandifunsa bwinobwino, m'bale wanga. Iwe vuto lako ndi kupupuluma."

Ndinatenga kalata yondichotsa ntchito n'kupita nayo kwa Mayi Salinas, ndikugogoda pansi ndi ndodo zangazi. Anaiwerenga, nkhope yawo n'kuwala.

"Mwachita bwino, bambo Pruitt. Ndi kalata iyi mwana sadikira ngakhale tsiku limodzi."

"Mwana ali nalo kale khadi, mayi. Lero ndabwerera khadi langa."

"Inu? Muli ndi zaka zingati?"

"27."

"Ili ndi la ana, mwachedwa ndi zaka zingapo. Akazi anu amagwira ntchito?"

"Amagulitsa mu shopu ya mankhwala."

"Ndiye kwa ife ndinu olemera." Anatsegula tsamba lina, n'kuyendetsa chala mpaka pansi. "Muli ndi pakati?"

"Ayi, mayi."

"Pepani kwambiri."

Ndiye zinthu zili chonchi kwathu. Shelby ali ndi ya kuntchito. Apongozi ali ndi ya boma yomwe si ya boma. Tessa ali ndi khadi lake. Bisiketi nayenso, chipambanireni, a Royce anamugulira inshuwalansi ya ziweto, akuti nkhosa yamtengo wapatali singayende chonchi. Ndipo Lamlungu lapitali apongozi anamenya tebulo n'kunena kuti chaka chamawa Tessa akwera mwana wa ng'ombe, chifukwa khadi limenelo ndi misonkho yathu, lisamangokhala m'chikwama. Lero ndabwera naye kuti angomuyeza, khadi lilaweko ntchito. Siponji ija ya m'makona a matebulo sitinachotse. Shelby akuti ikhale, ili ndi mwini wake.

Eya, ndi uyo akutulukayo, wa chitsulo pamimbayo. Amagona nacho. Tandipatsirani ndodozo, mayi, ndidzuke. Nesi wati bwanji, Tessa? Uli bwino? Ndinadziwa. Tiye tithamange tisachedwe basi.

"Adadi, pang'onopang'ono. Gwirani khoma. Mulibe khadi inu."